Makwinya a Salaula

Hotela ija inalibe dzina loti munthu n'kulisunga m'mutu. Chikwangwani chinalipo, koma dzuwa ndi utsi wa maminibasi zinadya zilembo kalekale, ndiye aliyense ankangoti Pamwamba, poti inali pamwamba pa sitolo ya mapoto ndi ina ya nsapato, pakatikati pa tauni ya Lusaka pamene anthu amagundana mapewa kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Polowera pake panali kakhomo kopapatiza pakati pa masitolo awiriwo, kenako masitepe amdima. Mmenemo ndi mmene Bana Chola anakwera Lolemba masana, chaka cha 1994, atatsika basi ya ku Ndola pa siteshoni ya Intercity. Kumanja ananyamula chikwama, kumanzere atakumbatira kanthu kokulunga m'chitenje ngati khanda. Kanthuko kanali simbi yamagetsi.

Mayi ameneyu musamutenge mwachibwana. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anasita malaya pa fakitale ya zovala ku Ndola, ndipo kolala yodutsa m'manja mwawo inkaima yokha. Kenaka boma latsopano litatsegula zipata, kunabwera salaula, zovala zakunja zovalidwa kale, mabelo ndi mabelo, zotchipa moti malaya a pafakitale anangotsala m'mashelefu. Fakitale inatsekedwa, nyumba ya kampani anawalanda. Amuna awo anali atamwalira kale, ndipo Chola, mwana wawo mmodzi yekhayo, anali ndi mavuto akeake ku Kitwe. Zaka zonsezo Bana Chola ankadana ndi salaula ngati munthu. Akaona mulu wake pamsika ankawoloka msewu, osayang'anako n'komwe.

Malo opita analipo. Mlongo wawo wamng'ono, Katongo, amene iwo ankamusitira yunifolomu ali pasukulu, tsopano anali bwana wa ku banki, nyumba ku Kabulonga, mpanda wautali ndi agalu awiri. Mkazi wake Perpetua ndiye analemba kalata yokoma, yodzaza mavesi, kuti mlamu bwerani, kuseri kuli kachipinda kopanda munthu. M'munsi mwake anawonjezera kamzere kakuti mtsikana wantchito anachoka mwezi watha. Bana Chola anawerenga kamzereko katatu, ndipo anamva bwinobwino chimene ankaitanidwira. Anayankha kuti Lachisanu mudzandipeze pa hotela yakutiyakuti, ngati pofika tsikulo ndidzakhale ndisanaime pandekha, mudzanditenge. Mumtima ankati kuli bwino kugulitsa mdani wanga salaula kusiyana n'kukakhala wantchito kuseri kwa nyumba ya mwana amene ndinamupukuta mamina.

Pa kauntala panakhala mwini malo, Ba Nicodemus, bambo wadazi, magalasi atamangidwa ndi ulusi mbali imodzi. Chitseko cha kaofesi kawo anachitchinga ndi simbi yakale yamakala, yadzimbiri lokhalokha, kuti mphepo isamachimenye. Bana Chola anaiyang'ana simbiyo ndipo inawamvetsa chisoni.

"Mwaiseni, mayo," anatero Ba Nicodemus, akupereka kiyi. "Lumu seveni. Malamulo yali pa chitseko. Osaphika, osachapa, osachisa."

Kuchisa, m'kalankhulidwe ka kumeneko, ndiko kusita. Maso a Ba Nicodemus anali pa chitenje chija.

"Ndamva," anayankha Bana Chola, ndipo anapitirira osatsegula chitenjecho.

Chipinda chinali chipinda basi. Bedi lachitsulo lolira ukangoliganizira, tebulo la mwendo umodzi waufupi, soketi imodzi pakhoma, ndi zenera loyang'ana mumsewu. Kunsiko wogulitsa makaseti ankalimbana ndi mlaliki wa chimkuzamawu, makondakitala akukuwa za Chelstone ndi Kabwata, ndipo m'mbali monse mwa msewu munali salaula, pamipanda, pamawilibala, pamapewa a anthu. Bana Chola anaima pazenerapo n'kuyang'ana zonsezo monga mmene munthu amayang'anira mkazi amene anamulanda mwamuna.

Lachiwiri m'mawa anapita ku Kamwala kumene amagulitsa mabelo, n'kugula limodzi la malaya aamuna. Ndalama zimene fakitale inawapatsa powachotsa zinathera pomwepo. Pamzere anakumana ndi mayi wina wonenepa wa ku Luapula, Ba Beatrice, wogulitsa salaula ku msika wa Soweto, ndipo poti Chibemba chinawagwirizanitsa, mayiyo anati Lachinayi mubwere, ndidzakupatsani kangodya ka tebulo langa muyambirepo. Belo linafika Pamwamba pa wilibala, ndipo amuna awiri analikweza masitepe akutukwana pang'onopang'ono.

Anabwereka pulayala ku sitolo ya mapoto, natseka chitseko, n'kudula mawaya omanga belo. Belo linafufuma, kafungo kake ka mankhwala kanadzaza chipinda. Anasolola malaya oyamba, achiwiri, achitatu. Onse anali okwinyika ngati atafunidwa ndi ng'ombe.

"Ndiye zimenezi n'zimene zinatidyera ntchito?" anadzifunsa mokweza. "Zinthu zopanda ulemu chonchi?"

Sanaganize kawiri. Anapinda katoni n'kuika pansi pa mwendo waufupi wa tebulo, anayala bulangeti, namasula chitenje chija. Simbi itatentha anayamba ndi kolala, kenako mapewa, manja, msana, monga ankachitira zaka zonse zija. Malaya oyamba atatuluka ali see, mtima wawo unakhala pansi koyamba chichokere ku Ndola. Pa malaya achisanu ndi chimodzi magetsi a hotela yonse anathima.

Sipanapite nthawi, Ba Nicodemus anagogoda, akupuma mwabefu chifukwa cha masitepe.

"Mayo, ninakamba kuti osachisa. Mawaya ya muno ni yakudala, yakalekale, fyuzi yapsa."

"Ngati mawaya anu ndi owola, konzani mawaya," anatero Bana Chola, ataima pakhomo manja m'chiuno. "Ine sindinabwere ku Lusaka kudzagona."

Ba Nicodemus anasuzumira paphewa pawo. Anaona belo lotsegula, mawaya odulidwa ali pansi, ndi malaya asanu atapachikidwa pa waya wa katani. Nkhope yawo inasintha.

"Izo ni za mu belo? Mwadula belo muno mu lumu? Awe, mayo, osachisa izo. Mvelani, nikuuzeni…"

"Ba Nicodemus, pa moyo wanu wonse mwasitapo makolala angati?"

"Si ivo, mayo. Nifuna chabe…"

"Ine ndasita makolala oposa anthu onse ali mumsewumu. Za hotela ndi zanu, za zovala ndi zanga."

Anatseka chitseko. Kunjako Ba Nicodemus anaimako kanthawi, kenako kunamveka mapazi akutsika. Bana Chola anasangalala kwabasi kuti amuika pamalo pake bambo wadaziyo.

Lachiwiri lonse ndi Lachitatu anali pa simbi. Magetsi anathima kanayi, alendo anzawo anadandaula m'khonde, koma iwo ankangodikira kuti ayakenso n'kupitiriza. Mabatani osowa anasokerera. Malaya ankawayanika pazenera kuti kafungo ka belo kachoke, ndipo kanachokadi. Pofika Lachitatu madzulo chipinda chonse chinali malaya opindidwa bwino, makolala ali njo, ngati sitolo yeniyeni ya masiku aja zinthu zisanasokonekere. Anakhala pabedi miyendo itatupa, n'kumati Lusaka mawa idziwa kuti kunja kuno kuli anthu odziwa ntchito.

Lachinayi anafika ku Soweto dzuwa lisanatenthe. Ba Beatrice anali asanafike, ndiye anayala malaya awo pa kangodya kaja, abuluu paokha, oyera paokha, amizeremizere paokha. Anthu ankadutsa. Ena ankayang'ana n'kufulumiza mapazi. Mayi wina anaima, natola malaya amodzi ndi zala ziwiri, ananunkhiza kolala, n'kufunsa motsitsa mawu:

"Mwine wake anadwala chani?"

"Mwini wake uti?"

Mayiyo anangoika malayawo pansi, napukuta zala pa chitenje chake, n'kumapita.

Posakhalitsa Ba Beatrice anatulukira, belo lawo lili pa wilibala, mawaya ali chimangire. Ataona tebulo anagwira pakamwa, koma analibe mpata wolankhula, poti anthu anali atazungulira kale. Anakweza pulayala m'mwamba kuti aliyense aione, anadula waya woyamba, wachiwiri, belo linafufuma, ndipo anthu analigwera. Ankalandana malaya okwinyika omwe aja, onunkha mankhwala, wina kukoka dzanja ili, wina dzanja linalo. Ku kangodya ka Bana Chola kunali zii.

Khamu litachepa, Ba Beatrice anabwera n'kukhala pa ndowa pafupi nawo.

"Bana Chola, nindani anakuuzani kuti muchise?"

"Munthu angagulitse bwanji chovala chokwinyika?"

"Makwinya ndiye yamene bagula," anatero Ba Beatrice. "Muntu afuna aone waya idulidwa pamenso pake. Afuna makwinya, afuna kafungo. Ndiye aziba kuti chovala chachoka kunja, palibe wa muno anachivalapo. Manje izi zanu zochisa, zopinda bwino, baganiza kuti ni za pamalilo, mwachosa mu sutukesi ya muntu wakufa."

Zaka zimenezo anthu ankafa kwambiri, ndipo matenda ake sankatchulidwa dzina. Sipanafunikire kuwafotokozera Bana Chola kawiri. Anayang'ana malaya awo, ntchito ya masiku awiri, ndipo manyazi anawagwira mpaka m'makutu. Aliyense mu Lusaka ankadziwa zimenezi, ngakhale wokankha wilibala. Iwo okha ndiwo sankadziwa, chifukwa chowoloka msewu zaka zonse zija.

"Palibe chochita?" anafunsa.

"Chilipo. Muwaze tumadzi, muike zonse mu saka, mupondeponde, mukhalepo usiku onse. Mailo kukacha mubwele nazo, tizasakaniza na zanga. Bazagula."

Anabwerera ku hotela masana, katundu yense ali pamutu, osagulitsa ngakhale batani. Ba Nicodemus anawaona akukwera, ndipo sanaseke, chimene chinawapweteka kuposa kuseka.

"Ndiye vamene nenze kufuna kukamba, mayo," anatero mofatsa. "Mukazi wanga agulisa salaula ku Kabwata."

"Ndamva," anayankha Bana Chola. Anapitiriza kukwera masitepe.

M'chipinda anatenga thumba, natenga malaya oyera a kolala yolimba, abwino kuposa onse. Anawawaza madzi. Anawagwira ndi manja awiri kuti awafinye, koma manja anakana. Anayesanso, ndipo anangopezeka akusalaza phewa la malayawo ndi chikhatho. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akuchotsa makwinya, lero akhale pansi kupanga makwinya abodza, kuti anthu akhulupirire kuti palibe dzanja la munthu wa kuno lakhudzapo? Anapsa mtima, ndipo analira pang'ono, kulira kwaukali kosafuna wotonthoza. Mawa linali Lachisanu, Perpetua abwera ndi galimoto.

Anatuluka kuti akasambe kumaso ku mpopi wa kumapeto kwa khonde. Chitseko cha chipinda chachisanu ndi chitatu chinali chotsegula, ndipo bambo wina wamtali, wa imvi zapatalipatali, anali atanyamula matiresi n'kumayala jekete pansi pake. Bamboyu anali Ba Morris, amene anachotsedwa ntchito ku mgodi ku Luanshya, mmodzi mwa amene ankadandaula za magetsi.

"Mukuchita chiyani ndi jekete imeneyo?" anafunsa Bana Chola.

Ba Morris anachita manyazi. Anati aigula ku Soweto m'mawa womwewo, yochokera m'belo iwo akuona. Mawa ali ndi intavyu ya ulonda pa ofesi ina ku Longacres, ndiye akufuna aigonere kuti mwina iwongokeko.

"Mukavala chimenecho, akakuuzani kuti mlonda tikumufuna, koma osati amene wagona m'ngalande. Bweretsani kuno."

Sanadikire yankho, anailanda. Ananyowetsa kansalu, anayala pa jekete, ndipo simbi inalira tsii. Anayamba ndi msana, kenako manja, n'kumalizira makolala akutsogolo, akuwakanikiza ndi thupi lonse. Ba Morris atavala n'kudziyang'ana pa galasi losweka la m'khonde, anaima mowongoka.

"Mayo," anatero, "naoneka monga muntu ali na nchito kale."

Nthawi yomweyo magetsi anathima.

Bana Chola anaima mumdima wa m'khondemo simbi ili m'manja, ndipo m'mutu mwawo munayera. Anthu onse aja olandana makwinya ku Soweto, kodi amakavala makwinyawo? Amagula chokwinyika kuti mtima ukhale pansi, koma ku intavyu, ku tchalitchi, ku ukwati, aliyense amafuna kolala yoima. Ndipo ambiri a iwo kunyumba alibe magetsi, alibe simbi, alibe ngakhale tebulo.

Ulendo uno sanadikire kuti Ba Nicodemus akwere. Anatsika okha n'kuwapeza akufufuza kawaya ka fyuzi m'dilowa.

"Ba Nicodemus, Lachiwiri lija ndinakudulani mawu. Ndinalakwa." Ananena mwachangu, ngati akumeza mankhwala owawa. "Tsopano mverani ine. Simbi ili pachitsekoyi mukuizunza. Ndibwerekeni, pamodzi ndi kampata kali pansi pa masitepe, pakhomo la kumsewu. Magetsi anu sindiwakhudzanso."

Ba Nicodemus anavula magalasi n'kuwapukuta. Anayang'ana simbi yadzimbiriyo, nayang'ana fyuzi yopsa ili m'manja mwawo.

"Simuzayasa moto mu lumu?"

"Makala akhala panja."

"Na mashiti ya hotela muzachisako?"

"Ndidzasita, koma muyambe mwawachapa bwino. Ndawaona."

Madzulo amenewo anakhala pa sitepe yomaliza, akukwecha simbi ija ndi mchenga ndi phulusa mpaka pansi pake panawala, kenako anapakapo kandulo.

Lachisanu, nthawi ili cha m'ma leveni, galimoto yoyera inaima kutsogolo kwa sitolo ya nsapato, makondakitala akuikuwiza kuti yatseka njira. Munatuluka Perpetua, diresi la buluu, nsapato zazitali, kachikwama atakapanikiza m'khwapa kuopa akuba. Anayang'ana m'mwamba kufuna chikwangwani cha hotela, ndipo anatsala pang'ono kugunda tebulo.

Tebulolo linali lomwe lija la mwendo waufupi, lili pakhomo la masitepe. Pambali pake mbaula inali kuyaka. Kumbuyo, pa chingwe, panapachikidwa malaya a m'belo aja, makolala ali njo. Palibe ndi amodzi omwe amene anagulidwa, ndipo Bana Chola ankadziwa kuti mwina sadzagulidwa konse, koma ankaonetsa anthu chimene manja awo amatha. Ba Morris anali atapita ku Longacres m'mawa atavala jekete ija, ndipo podutsa anauza aliyense wofuna kumva. Tsopano panali anthu asanu pamzere, aliyense atagwira chake chokwinyika chochokera ku Soweto.

"Mulamu," anatero Perpetua, mawu ali pansi. "Ni chani ichi?"

"Mwabwera, mulamu. Kunyumba kuli bwanji?" Bana Chola sanasiye kusita. Anatsegula simbi, anauzira makala, naitsekanso.

"Pa mseu, mulamu? Banthu ba ku chechi bapita pano. Bakakuonani bazakamba chani pali ba Katongo?"

"Adzati mlongo wake wa Katongo amadziwa kusita."

Wina pamzere anaseka, n'kudzigwira. Perpetua anasendera pafupi.

"Tiyeni ku nyumba. Lumu nakonza, bedi ilimo. Simungankhale mu hotela ya so, mukazi mukulu monga imwe. Na ise tivutika, mulamu. Mashati ya ba Katongo yaunjikana, yali mu buti mwamene umu, nenze kupeleka ku dilayi kilina. Sande sinidziba bazavala chani."

Apo Bana Chola anaimika simbi pa kachitsulo kake. Anamuyang'ana mlamu wawoyo bwinobwino, kuyambira kumutu mpaka ku nsapato. Sanamude. Anangoona kuti kalata ija anaiwerenga molondola, ndipo mantha amene anawasowetsa tulo sabata yonse anachoka. Bedi la m'chipinda chachisanu ndi chiwiri linali lolira, madzi a kumpopi ankabwera akafuna, phokoso la mumsewu silinkatha, koma kiyi wa chipindacho anali m'thumba mwawo.

"Malaya a Katongo ndawasita kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri," anatero. "Sindingawakane lero. Katengeni."

Nkhope ya Perpetua inamasuka. Anathamangira ku galimoto, natsegula buti, n'kubwera atakumbatira mulu wa malaya. Anafuna kuutula patebulo, koma Bana Chola anatchinga ndi dzanja, natola buluku la munthu amene anali kutsogolo, n'kuliyala pa bulangeti.

"Osati apa, mulamu," anatero, akuloza ndi chibwano. "Mzere ukuyambira uko, kumbuyo kwa bambo a jekete yofiirawo."